Difu ya kumbuyo ya galimoto yoyenda m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje: kukonza, kusintha, kapena kupangitsa kunja

Galimoto imene imagwira ntchito m'misewu ya dothi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje kawirikawiri imayamba kutha kumbuyo injini ikadali ndi mphamvu zake. Kulemera kwa matumba a nandolo, matabwa, njerwa ndi anthu a matola kumatsamira pa mawilo awiri a kumbuyo, ndipo mawilo omwewo ndi amene amakankha galimoto pa zitunda za ku Masambanjati ndi ku Thekerani, kapena m'tinjira ta m'minda ya tiyi tokwera cha ku phiri. M'dzinja, komanso m'miyezi ya chiperoni pamene kamvula kowaza kamanyowetsa katondo tsiku lonse, tayala limazungulira pa malo amodzi kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yonse ya kugunda kumeneko imathera pa shafuti, ndodo yachitsulo yozunguza wilo, ndi pa mano a difu, chitsulo cha pakati pa mawilo a kumbuyo chimene chimagawira mawilowo mphamvu ya injini. Mwini galimoto akayamba kumva kulira kumbuyo, kapena akaona mafuta akuyenderera m'kati mwa wilo, amakhala ndi njira zingapo zoti asankhepo, ndipo yokwera mtengo kuposa zonse, imene ndi kuitanitsa difu yochita kupangitsa kunja, ndiyo imakopa kwambiri amene amaonera makanema a galimoto zokwera miyala pa YouTube.

Maganizo anga ndi akuti kulimba kwa chitsulo si chinthu choyamba kuchiganizira posankha difu kuno. Chofunika kwambiri ndi kudziwa kumene mudzapeze beringi, silu kapena shafuti tsiku limene galimoto idzaime ndi katundu kutali ndi msewu wa tala. Difu yolimba kwambiri imene zipangizo zake zimachokera kutsidya kwa nyanja ikhoza kuimitsa galimoto miyezi iwiri chifukwa cha kampira kamodzi kotsekera mafuta, pamene yofookerapo imene zipangizo zake zili pa shelefu ku Limbe imabwerera pa ntchito tsiku lachiwiri.

Dziwani kaye difu imene muli nayo

Mitundu iwiri imene ili m'misewu yathu imasenza katundu mosiyana kwambiri. Hilux, Hardbody ndi mapikiapu ambiri a msinkhu umenewo ali ndi difu ya semi floating, imene shafuti yake imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: imazunguza wilo, komanso imanyamula kulemera kwa galimoto itakhala pa beringi imodzi mbali iliyonse. Mukadzadzitsa katundu, shafutiyo imapindika pang'ono nthawi iliyonse wilo likazungulira, ndipo ikathyokera pafupi ndi wilo, kapena beringi ikaphwanyika, wilo limatha kusololoka galimoto ili pa liwiro. Land Cruiser za mtundu wa 75, 78 ndi 79, pamodzi ndi Land Rover, zili ndi difu ya full floating. Pamenepo wilo limakhala pa habu ya maberingi awiri yovekedwa pa hauzing'i, paipi yachitsulo yokuta mashafuti ndi magiya a difu, ndipo shafuti ntchito yake n'kuzunguza basi. Ikathyoka wilo silichoka, ndipo dalaivala wodziwa amasolola zidutswazo, kutseka bowo, kulowetsa 4WD, n'kuyenda pang'onopang'ono ndi mawilo a kutsogolo mpaka kukafika ku galaja. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kutsika ndi katundu m'misewu yopita ku Chigwa cha Shire, kusiyana kumeneku ndiko chifukwa chomveka chofunira difu ina.

Chinthu chachiwiri ndi ratio, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Ratio imapezeka pogawa chiwerengero cha mano a kirauni, giya yaikulu ya m'difu, ndi cha mano a piniyoni, giya yaing'ono imene imaizunguza: mano 41 ndi 10 amapereka 4.10, mano 43 ndi 10 amapereka 4.30, mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, ndipo 39 ndi 8 amapereka 4.88. Hilux zakale za injini zotchedwa 2L, 3L ndi 5L zimapezeka ndi ratio zosiyanasiyana mwa zimenezi ngakhale thupi lake likuoneka limodzimodzi, pamene zambiri za injini yatsopanopo ya D-4D zili pansi pa 4. Land Rover Defender ili ndi 3.54, ndipo Land Rover zakale za Series zili ndi 4.7. Pa galimoto ya 4WD, difu ya kumbuyo iyenera kufanana ratio ndi ya kutsogolo. Vuto lake ndi lakuti cholakwika chimenechi sichioneka msanga, chifukwa munthu akaika ya 4.30 kumbuyo kutsogolo kuli 4.10, galimoto imayenda bwinobwino pa msewu wa Midima pamene mawilo a kumbuyo okha ndiwo akukoka. Tsiku limene adzalowetse 4WD pa chitunda cha miyala, mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo amayamba kulimbana, ndipo chimene chili chofooka pakati pa transfer (bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), propela shafuti (ndodo yopititsa mphamvuyo ku difu) ndi mano a difu chimagonja. Musadalire mawu a wogulitsa pa nkhani imeneyi. Pa difu wamba yopanda loko yomanga mawilo onse awiri pamodzi, kwezani wilo limodzi ndi jeke, giya ili pa nyutulo, lembani choko pa tayala ndi pa propela shafuti, zunguzani wilolo maulendo 20, ndipo muwerenge kuzungulira kwa propela: ikazungulira ka 41 ndiye kuti ndi 4.10, ikazungulira ka 43 ndi 4.30.

Zotsala ndi zoyeza ndi tepi: utali wa difu kuchokera pamene pamagona wilo lina kufika pa linzake, mpata wa pakati pa mipando ya masipulingi, chiwerengero cha mabawuti a wilo, ndi mbali imene mutu wa difu uli. Hilux ya 4WD ili ndi mabawuti 6 pa muyeso wa mamilimita 139.7, chimodzimodzi Land Cruiser 75, koma 78 ndi 79 zimene zinayamba mu 1999 zili ndi mabawuti 5 pa muyeso wa 150. Munthu amene wasokoneza zimenezi amafunika kuyenda ndi matayala apadera awiri, lina la kutsogolo lina la kumbuyo.

Kukonza yomwe ilipo

Njira imeneyi anthu amaipeputsa, koma ndi imene ili yoyenera kwa eni galimoto ambiri, malinga ngati hauzing'i sinapindike kapena kung'aluka. Difu ya Toyota ya ku Japan ili ndi ubwino wakuti mutu wake wonse, momwe muli kirauni ndi piniyoni, umamasuka kutsogolo ngati chinthu chimodzi, moti makaniko wa pa Chitakale kapena pa Luchenza akhoza kuuchotsa, mwini wake n'kuukweza minibasi kupita nawo ku Limbe kwa katswiri wa madifu, galimoto itatsala pa mitengo. Dziwani chabe kuti Hilux zina zakale zosonkhanitsidwa ku South Africa zinkabwera ndi difu ya Gearmax, yotsekulira pa chivundikiro cha kumbuyo, ndipo zipangizo zake sizilowana ndi za difu ya ku Japan. Yang'anani kumbuyo kwa galimoto yanu musanapite kukagula kanthu.

Chimene chimasiyanitsa difu yokonzedwa bwino ndi yongolumikiza ndi zida zoyezera. Kirauni ndi piniyoni zimagulidwa pamodzi ngati banja limodzi, ndipo kuika piniyoni ya difu ina pa kirauni yakale kumangobweretsa kulira kosatha. Mpata wa pakati pa mano pa difu ya Toyota ya kirauni ya mainchesi 8 umayenera kukhala pakati pa mamilimita 0.13 ndi 0.18, muyeso umene dzanja la munthu silingaumve ngakhale atakhala ndi zaka 30 pa ntchitoyi. Pamafunika kawotchi koyezera, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, ndi utoto wopaka pa mano kuti aone pamene akukhudzana. Mukalowa m'galaja n'kupeza kuti zida zimenezi mulibe, perekani ntchito ya masipulingi ndi mabuleki, koma mutu wa difu mupite nawo kwina. Maberingi a Koyo, NSK, Nachi ndi Timken ndi odalirika, ngakhale kuti mabokosi a mayina amenewa amakopedwa kwambiri, choncho mtengo wotsikitsitsa uzikudabwitsani m'malo mokusangalatsani. Beringi ya wilo ya Hilux imalowa ndi puresi, pamodzi ndi kolala yatsopano yoigwira. Kolala yomenyedwa ndi hamala, kapena yakale yobwezeretsedwa, ndiyo imachititsa ngozi zambiri za wilo losololoka.

Malire a njira imeneyi ndi odziwika: mukamaliza mumakhalabe ndi difu ya semi floating. Ngati shafuti yathyoka kawiri pa chaka chifukwa cha katundu amene simungathe kumuchepetsa, kukonza kokha sikuthetsa vutolo.

Za difu yatsopano ya kwa dila wa galimotoyo palibe zambiri zonena. Imalowa popanda kudula kapena kuwotcherera, imakhala ndi chitsimikizo, ndipo kwa galimoto ya kampani kapena ya bungwe imene ikadali yatsopano ndiyo njira yosavuta kuifotokoza kwa owerengera ndalama. Kwa Hilux ya zaka 25, mtengo wake umayandikira mtengo wa galimoto yonse.

Difu ya kaunjika ya mtundu womwewo

Hauzing'i ikapindika, zimene zimaoneka ndi matayala a kumbuyo odyeka mbali imodzi komanso silu yotaya mafuta mobwerezabwereza, njira yachidule ndi kupeza difu yathunthu yochotsedwa pa galimoto ina yofanana. Zimapezeka kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Ndirande ndi ku Limbe, zina zochokera ku Japan ndi ku Dubai, zina zochotsedwa pa galimoto za ngozi kapena zogulidwa pa okushoni kuno konkuno. Mwa ziwirizi ndimakonda yochokera kunja, chifukwa pikiapu ya ku Japan kawirikawiri sinasenzepo zimene pikiapu ya kuno imasenza, ngakhale kuti yochokera ku madera a chisanu imatha kukhala ndi dzimbiri la mchere pa mipando ya masipulingi ndi pa mapaipi a mabuleki. Ya galimoto ya ngozi imafuna kuisamala kwambiri, poti kugunda kwa m'mbali kumapinda hauzing'i mosaoneka ndi maso.

Pitani ndi makaniko wanu, ndipo mupemphe kuti mafuta akhetsedwe inu mukuona. Mafuta otuwa ngati mkaka ndi chizindikiro chakuti munalowa madzi, ndipo tizidutswa ta chitsulo pa maginito a pulagi tikutanthauza kuti mano kapena maberingi ayamba kunyenyeka. Fumbi losalala lachitsulo lokha si lodetsa nkhawa. Zunguzani piniyoni ndi dzanja kuti mumve ngati pali pamene ikugwiragwira, igwedezeni m'mwamba ndi pansi, ndipo ngati wogulitsa alola, sololani shafuti imodzi muone ngati mizere ya kumapeto kwake yapotoka. Kuti mudziwe ngati hauzing'i ndi yowongoka, mangani zitsulo ziwiri zowongoka pa malo ogona mawilo, ndipo muyeze mpata wa pakati pake kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Miyeso ikasiyana kwambiri, isiyeni. Utoto wakuda watsopano pa difu yakale nthawi zambiri umabisa pamene anawotcherera. Mugwirizane molemba kuti mukhoza kuibweza ikapezeka ndi vuto m'masiku angapo oyamba, ndipo mutenge lisiti yokhala ndi dzina la sitolo, chifukwa chitsulo chachikulu chotere chikamadutsa pa rodibuloko apolisi amafunsa kumene chachokera.

Kuika difu ya galimoto yaikulu

Apa ndi pamene ambiri ofuna difu yolimba amathera, ndipo apa ndi pamene luso la mmisiri limaoneka. Maganizo ake ndi osavuta: kutenga difu ya full floating ya Land Cruiser, imene kirauni yake ndi ya mainchesi 9.5, n'kuiika pa pikiapu imene inabwera ndi ya mainchesi 8. Ya Land Cruiser 75 imakopa chifukwa mabawuti ake a wilo ndi ofanana ndi a Hilux, imagwiritsa ntchito masipulingi a mapale, ndipo ratio yake ya 4.11 imagwirizana ndi Hilux ya 4.10 kutsogolo, popeza kusiyana kochepa chonchi matayala amakumeza. Maberingi, masilu ndi nsapato za mabuleki ake zimapezeka mosavuta ku Blantyre, chifukwa galimoto zimenezi zatumikira zipatala, mabungwe ndi maesiteti kwa zaka zambiri.

Chopinga chachikulu, chimene ambiri amachizindikira difu atagula kale, n'chakuti mutu wa difu ya Land Cruiser suli pakati. Uli cha kudzanja lamanja, molunjika pamene transfer ya galimotoyo imatulutsira mphamvu, pamene wa Hilux uli pakatikati. Mukaiika momwe ilili, propela shafuti imayenda mopingasa, makolosi, amene ndi mfundo zake zopindika, amatha msanga, galimoto imanjenjemera pa liwiro la pa tala, ndipo nthawi zina propelayo imakhudza thanki ya mafuta kapena paipi ya utsi. Pa galimoto yaitali kupingasako kumachepa ndipo ena amakhala nako, koma pa yaifupi ndi vuto lenileni. Land Rover nayo mutu wake uli kumbali. Difu ya Nissan Patrol ili pakati ndipo ndi yolimba, mabawuti ake ndi 6 ofanana, koma ndi yotambalala kuposa ya Hilux yakale, ndipo ya Patrol zambiri za masipulingi opota ndi ya semi floating, choncho mumapeza mano olimba popanda kupeza chimene munkafuna pa nkhani ya katundu.

Ntchito yotsatira ndi yowotcherera. Mipando ya masipulingi imadulidwa n'kuikidwa pa mpata woyenera chasisi yanu, ndipo isanawotcheredwe kolimba galimoto iyenera kutsitsidwa pa mawilo ake kuti kupendekeka kwa piniyoni kuyezedwe mogwirizana ndi kwa transfer. Wowotcherera wopupuluma amene amamaliza mbali imodzi yonse nthawi imodzi amapinda paipi ya hauzing'i ndi kutentha, ndipo difu imene inabwera yowongoka imatuluka yokhota. Wodziwa amawotcherera pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali, akudikira kuti chitsulo chizizire. Kufupikitsa kapena kutalikitsa hauzing'i ndi ntchito ina yapadera, yofuna chitsulo chowongolera chodutsa m'kati monse, ndiponso mashafuti opangidwira utali watsopanowo. Shafuti yodulidwa n'kulumikizidwa ndi moto isaikidwe pa galimoto yonyamula anthu.

Mabuleki ndiwo amaiwalika. Masilinda a mawilo a difu yaikulu amafuna mafuta ochuluka kuposa amene masitala, silinda yaikulu ya pa pedulo ya mabuleki, ya pikiapu yaing'ono inapangidwira, ndipo zotsatira zake ndi pedulo yolowa pansi kwambiri. Kavavu kamene kamagawa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo molingana ndi katundu kayenera kulumikizidwanso ndi kuchunidwa, osati kumangidwa ndi waya. Handibuleki iyenera kugwira ndithu, pakuti m'dera limene galimoto imaima pa chitsetse nthawi iliyonse yokweza katundu, mwala wa pansi pa tayala sungakhale chitetezo chokha. Galimoto za ABS zimawonjezera vuto lina, chifukwa kompyuta imawerenga mano a kamphete ka pa wilo, ndipo chiwerengero chikasiyana nyali imayaka, ABS n'kuleka kugwira ntchito. N'chifukwa chake njira imeneyi imayenera galimoto zakale kuposa zatsopano.

Kupangitsa kunja

Difu yochita kupangitsa ndi imene kampani imakupangirani motsatira miyeso yanu, ndipo ili m'magulu awiri amene si bwino kuwasakaniza. Gulu loyamba ndi la difu yathunthu ya mtundu wa ku America, monga Dana 60 kapena Ford 9 inch, imene makampani ngati Currie ndi Dynatrac amapanga. Zimenezi ndi zolimba zedi, zopangidwira injini zamphamvu ndi matayala a mainchesi 37 kupita m'tsogolo. Kirauni ya Dana 60 ndi ya mainchesi 9.75, ndipo ratio za 4.10, 4.30, 4.56 ndi 4.88 zimapezeka, moti kuigwirizanitsa ndi difu ya kutsogolo ya Toyota n'kotheka. Koma ukulu womwewo uli ndi mtengo wake. Mutu waukulu umatsikira pafupi ndi nthaka, ndipo m'misewu imene malole a tiyi ndi mathirakitala akumba mizere iwiri yakuya n'kusiya mtumbira pakati, galimoto ya matayala wamba imakhala pa mutu wa difu mawilo ali lende. Kulemera kwake kumavutitsa masipulingi ndi mashoka pa msewu wa mabampu. Kuika difu yotere pa Hilux ya injini ya 3L kuli ngati kuveka mbuzi goli la ng'ombe. Pamwamba pa zonsezi, maberingi, masilu, mabuleki ndi mabawuti ake ndi a miyeso ya ku America, imene ogulitsa a ku Limbe sasunga chifukwa palibe amene amaifunsa.

Gulu lachiwiri ndi limene ndimaona kuti lili ndi nzeru kwa ife: kupangitsa hauzing'i yokha, yokhuthala ndi yolimbitsidwa, imene imalandira mutu wa difu, mahabu ndi mabuleki a Toyota omwe muli nawo kale. Chitsanzo chodziwika ndi cha Land Cruiser 79 ndi anzake. Mu 2007 Toyota inatambalitsa kutsogolo kwa galimoto zimenezi kuti injini ya V8 ilowe, koma kumbuyo inakusiya momwe kunalili, moti mawilo a kumbuyo ndi opanikizana ndi mamilimita pafupifupi 95 poyerekeza ndi a kutsogolo. Pa tala dalaivala sazindikira kanthu. M'matope a katondo ndi mumchenga, mawilo a kumbuyo sapondamo bwino m'mizere imene a kutsogolo atsegula, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumakhala kukugwera uku ndi uku, makamaka ikasenza katundu wamtali pa njira yopendekeka. Makampani a ku Australia monga JMACX ndi Multidrive amapanga zida zothetsera vuto limeneli, ndipo pa hauzing'i yotambalala yolandira zipangizo za Toyota, chachilendo chimangokhala mashafuti ataliatali. Amene wasankha njira imeneyi aitanitsiretu mashafuti ena awiri osungira m'bokosi lomwelo, chifukwa kutumiza shafuti imodzi pa ndege pambuyo pake kumadula mosayenera. Njira yotsika mtengo yothetsera kupanikizanaku ndi masipesa a mawilo kapena marimu otulukira kunja, koma zimenezi zimasuntha kulemera kuchoka pakati pa maberingi, ndipo pa galimoto yonyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku maberingi ndi mabawuti ndi amene amalipira.

Poitanitsa, kampani imapanga ndendende zimene mwalemba, ndipo chinthu chopangidwira munthu mmodzi sichibwezedwa. Muyeso wa utali ukalakwika ndi masentimita awiri, tayala limakhudza masipulingi kapena limatuluka kunja kwa thupi, ndipo mlandu ndi wanu. Choncho miyeso itengedwe kawiri ndi anthu awiri, itumizidwe pamodzi ndi zithunzi, nambala ya chasisi ndi ratio yowerengedwa pa galimoto yeniyeniyo, ndipo mupemphe chojambula cha difuyo kuti muchivomereze asanayambe kudula chitsulo. Pemphaninso mndandanda wa manambala a beringi ndi silu iliyonse imene aikamo, ndipo musanalipire mupite nawo kwa ogulitsa maberingi ku Blantyre mukafunse ngati angazipeze.

Mtengo wolembedwa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Difu yathunthu imalemera kuposa makilogalamu 100, ndipo imabwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kapenanso pa lole kuchokera ku South Africa kudutsa ku Tete n'kulowera pa Mwanza. Msonkho wa MRA umawerengedwa pa mtengo wa katunduyo kuphatikizapo ndalama zonyamulira ndi inshuwalansi, ndiye pamabweranso malipiro a ejenti wotulutsa katundu. Kupeza madola ku banki n'kovuta, ndipo amene anaitanitsa katundu kutatsala pang'ono kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa mmene mtengo umasinthira katundu ali m'njira. Pa zifukwa zimenezi South Africa imaposa America ndi Australia kwa ife, popeza ku Johannesburg ndi ku Pretoria kuli amisiri a madifu odziwa bwino Hilux ndi Land Cruiser, ulendo wa lole ndi wa masiku ochepa, ndipo chinthu chikalakwika n'zotheka kuchitumizanso. Ndingalangize kupangitsa kunja kwa mwini Land Cruiser imene imapeza ndalama tsiku lililonse m'misewu yoipa, monga yonyamula alendo ndi katundu wawo kapena yotumikira esiteti, komanso amene ali ndi galimoto ina yogwira ntchito pamene iyi ikudikira. Kwa mwini pikiapu imodzi yodyetsa banja, ndalama zomwezo zikhoza kukonza difu, masipulingi, mabuleki ndi matayala onse, n'kutsalako.

Pali chinthu china choyenera kuchitchula, chifukwa ena amene amati akufuna difu yolimba kwenikweni akufuna galimoto yosatitimira. Limenelo ndi vuto la loko, osati la kulimba. Difu wamba imapereka mphamvu ku wilo limene likuterereka, ndipo loko imamanga mawilo onse awiri kuti azungulire pamodzi. Hilux zambiri zopangidwa ku Durban zimabwera ndi loko ya kumbuyo yochokera ku fakitale, ndipo pogula difu ya kaunjika ndi bwino kufunsa ngati yotere ilipo. Pali ya mpweya ya ARB, imene imafuna kompuresa ndi timapaipi tosadontha, ndiponso yamagetsi ya Eaton, yosavutirapo kuisamala. Zonsezi zimalowa m'mutu wa difu yomwe muli nayo. Loko imachepetsanso kuthyoka kwa mashafuti ikagwiritsidwa ntchito bwino, chifukwa dalaivala amakwera chitunda mofatsa m'malo mochithamangira. Chimene sindingavomereze ndi kuwotcherera magiya ang'onoang'ono a m'kati kuti difu ikhale yomangika nthawi zonse. Pa makona a msewu wa tala wa pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, galimoto yotere imakana kukhota mvula ikagwa, imadya matayala, ndipo shafuti imapotoka pang'onopang'ono mpaka kuduka.

Difu yolimba siwonjezera katundu amene malamulo amalola galimotoyo kunyamula. Kulemera kolembedwa m'mapepala ake kumakhala komweko, chasisi ndi yomweyo, ndipo pikiapu ya double cab yosenzetsedwa katundu kumbuyo kwenikweni imapindika chasisi kuseri kwa kabini ngakhale pansi pake pali difu ya mtundu wanji. Kusintha kwakukulu kotere ndi koyenera kukufotokoza kwa a inshuwalansi molemba, ndiponso kufunsa ku ofesi ya Road Traffic galimoto isanapite kukayezedwa COF.

Njira iliyonse imene mwasankha, masiku oyamba ndi ofunika. Mano atsopano amafuna kuyenda mopepuka makilomita pafupifupi 800 oyamba, popanda kukoka ngolo kapena kudzadza katundu, ndipo pa maulendo oyambirira ndi bwino kuima pakapita makilomita 25 kapena 30 kuti difu izizire. Pambuyo pake mafuta akhetsedwe n'kuthira ena a GL-5, ndipo ngati difuyo ndi ya LSD, yochepetsa kuterereka kwa wilo limodzi, pafunika mafuta ake apadera. Manati a ma U bolt amangidwenso pakatha sabata, chifukwa amakhwefuka masipulingi akakhazikika. Kapaipi kopumira ka pamwamba pa hauzing'i kalumikizidwe ndi paipi ya mpira yokwera mpaka pansi pa bodi. Chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula milatho ndi misewu yambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe, madalaivala azolowera kuwoloka pa madzi m'malo ena, ndipo difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira a mumtsinje imakoka madziwo kudzera pa kapaipi kameneka kapena pa masilu. Mukawoloka madzi ofika pa habu, masulani pulagi tsiku lomwelo muone mtundu wa mafuta.